Khutu la Ousseynou

M'chipinda changa ku Medina, pamwamba pa telala,
makina osokera akunjenjemeretsa pansi,
ndatsamiritsa kalilole pampando wothyoka mwendo
kuti ndibwereke nkhope yako, Ousseynou.
Zithunzi zako zinali m'foni,
foniyo inapita nawe.

Ndinakutsogolera kubadwa ndi mphindi khumi,
koma waliwiro unali iwe.
Dakar inakuthina ngati nsapato ya chaka chatha,
unakwera basi yolowera kuchipululu.
Mawu ako omaliza ndimawasunga, masekondi khumi ndi anayi:
"Tilimo makumi anayi, zenera ndi limodzi,
laling'ono ngati chikhatho.
Uwauze amayi kuti ndikudya."
Kumbuyo kwako wina akutsokomola.
Basi.

Ndiye ndimajambula chipindacho.
Mtundu wa khoma sunandiuze,
ndalipaka wobiriwira wa chipinda chathu tili ana,
pamodzi ndi timizere ta pensulo
tomwe bambo ankayezera misinkhu yathu,
tiwiritiwiri, tofanana, mpaka pomwe anatopa.
Anzako makumi atatu ndi asanu ndi anayi
ndawapatsa misana, zigongono, zidendene zong'aluka.
Nkhope sindingawanamizire.
Iwe wekha ndiwe watembenuka.

Malick kalipentala wabwera ndi tepi yake:
"Felemu ikhale yotani?"
Matabwa anayi, misomali isanu ndi itatu.
Akukhoma, ine ndikuwerenga nyundo,
mtima wangoti phaa:
nanenso ndakutsekera.

Ku Plateau makoma ndi oyera, mphepo ndi ya makina.
Anthu agwira matambula ndi zala ziwiri,
akupendeketsa mitu.
"Mwadzijambula nokha, eti?"
Ndangomwetulira. Kodi ndinganene kuti akunama?
Mayi wina wa magalasi aakulu wafunsa mtengo,
akuti chisonicho chagwirizana ndi mipando ya kwawo.
Kadontho kofiira akamata pambali pa phazi lako.

Tsiku lachitatu amayi abwera,
mwinjiro wa ku ukwati, fungo la lubani,
nsapato m'manja ngati akulowa mumzikiti.
Timapepala ta pakhoma sanatiyang'ane n'komwe.
Aima, aima, mpaka mlonda wawabweretsera mpando,
iwo osakhala.

"Uyu ndiwe, Assane.
Mnzako khutu lakumanzere ndi lopindika,
unamukanikiza muli m'mimba.
Wandijambulira mwana amene ndili naye kale."
Anyambita chala chachikulu,
achitambasulira kutsaya lako lija, kaya langa,
monga ankachitira tikamapita kusukulu.
Mlonda watsegula pakamwa, watsekanso.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mphasa imodzi,
khutulo ine osaliona!
Ndinkakuyang'ana n'kumadziona ndekha.

Usiku ndabwerera, ndam'patsa mlonda ya tiyi,
burashi m'thumba ngati wakuba.
Chogulidwa kale sichikhudzidwa, ndikudziwa.
Utoto wa katondo pang'ono, wakuda pang'ono,
ndapinda khutu.
Kamzere kamodzi kokha,
nkhope yonse yandichokera,
yandiyang'ana ngati munthu amene ndili naye ngongole.

Sindidziwa ngati ukupuma.
Amayi akana maliro opanda mtembo,
amakusiyirabe mbali yako ya nsomba m'mbale
mpaka ana a telala aidye.
Ena amati anakuona padoko, ukusenza matumba a simenti,
ena amati madzi.

Koma zenera lija ndalipala ndi mpeni,
utoto ukugwa ngati mamba,
mpaka chinsalu chatsala chamaliseche.
Linali chikhatho chimodzi, tsopano ndi ziwiri.
Mawa ndikabwera, zikhala zitatu.
Wogula adzadandaule.
Ndikuyeza ndi mapewa anga:
pomwe ndingadutse ine, iwenso udutsa,
ngakhale ndikuganiza kuti unaonda.