Bowo la Mainchesi Asanu ndi Awiri

Fani ya m'khitchini mwa amayi inafa Lachiwiri
ili pakati pa ntchito.
Inakhosomola kawiri, n'kununkha waya wopsa, kenako zii.
Utsi wa nyama ya nkhumba unazungulira pansi pa denga
kufunafuna khomo,
utatopa unakakhala m'makatani.

Nyumba yathu ndi ya matayala,
ngakhale matayalawo anaphwa ine ndisanabadwe.
Inafika kuno ku Anadarko chokokedwa ndi lole mu 1974,
faniyo ili kale m'khoma, pamwamba pa chitofu,
yozungulira, ya chitsulo, katcheni kali lende.
Ukakoka, kachitseko ka panja kamayasamula.
Ukakokanso, kamatseka pakamwa kuti phwa,
mphepo ya mu Januwale n'kutsala kunja.

Mnyamata wa m'sitolo ku Lawton
anaitembenuza uku ndi uku ngati fupa lofukulidwa.
Akuti zotere anasiya kupanga kalekale.
Anandionetsa zatsopano, zoyera, zapulasitiki, zamakona anayi.
Akuti mungokuza bowolo, mayi.
Iye sadziwa kuti khoma lathu ndi zala ziwiri kuchindikala,
ukaligunda ndi sowo lingoyoyoka ngati bisiketi.
Amayi nawo anakana ndisanamalize n'komwe:
bowolo lisiye mmene lilili, Renae.

Milungu itatu ndinakhalira foni.
Manambala ndinkalemba kuseri kwa emvulopu ya bilu ya magetsi.
Bambo wina ku Texas anali nayo,
koma ya mainchesi asanu ndi atatu.
Inchi imodzi yokha!
Mayi wina ku Kansas anangoseka, n'kundifunira mafuno abwino.
Nthawi yonseyi amayi ankakazinga chitseko chili pululu,
atavala chijasi cha malemu bambo.

Amene anandiuza za a Doyle Haskew ndi wopopera mafuta pa filingi.
Kuseri kwa Cyril, msewu wafumbi ukathera,
nyumba zonga yathu zandanda m'udzu,
zina zopsa, zina zopindidwa ndi kavuluvulu,
zina zongotopa.
A Doyle sanadzuke pampando.
Mzere wachitatu, yobiriwira ija.
Usamale mavu, ndipo usaponde pofewa.

Denga linapita, koma khitchini inalipo.
Kalendala ya 1991 itauma pa msomali.
Pa felemu ya chitseko, timizere ta pensulo
tokwera pang'onopang'ono: Dwayne, Dwayne, Charlene, Dwayne,
kenako tinalekera pa chifuwa changa.
Ndipo m'khomamo, iyo, ili phee,
yakuda ndi mafuta, kangaude atamanga m'mapiko.
Ndinaika tepi. Asanu ndi awiri ndendende.
Ku katcheni kake wina anamangirira chingwe cha nsapato,
munthu wamfupi ndithu,
amene anatopa ndi kunyanyamphira.

Madola khumi ndi asanu, anatero a Doyle.
Chingwecho n'chaulere.

Usiku ndinaiviika m'madzi otentha a soda.
Munatuluka mazira a eni ake, nsomba za eni ake,
anyezi wa Lamlungu lina limene sindinalione,
zonse zikuyandama m'beseni, zachikasu.
Ndinapala ndi mswachi wakale mpaka chitsulo chinaoneka.
Dontho la oyilo pa mota. Mawaya awiri, wakuda ndi woyera.
Timisomali tinayi topota tinalowa m'maenje akale
osafunsa njira.

Chingwe cha nsapato ndimati ndidule.
Amayi anandigwira mkono.
Ndi pamene ndinaona kuti afupika,
kuti zaka zonsezi akhala akufikira tcheni ndi mphanda ya foloko.

Anakoka.
Inayamba monyinyirika, kenako inagwira liwu.
Anamvetsera, mutu atapendeketsa.
Ikulira mosiyana, anatero. Ija inali ndi kabesi.
Atatero anatenga anyezi ndi mpeni.

Ine ndinatuluka, ndinakaima pa udzu wouma
kuonerera kachitseko katayasamula m'malata,
utsi ukutuluka mwaulemu,
kudutsa pa galimoto ya a Pruitt,
kulowera cha kumwera, kumene kuli Cyril.