Dzino Nambala 21

Ku Sopron kumada msanga mu Novembala.
Ikamakwana folo koloko, nyali ya pa tebulo langa
ndiye dzuwa lokhalo lotsala,
ndipo pansi pake pagona dzino,
lakutsogolo, lam'mwamba, chakumanzere.
Alibweza kachiwiri.

Pa kapepala Dokotala Szalontai alemba mothamanga:
wodwala akuti dzinoli likunama.

Likunama bwanji?
Makina analisema m'chimbale cha polima osaphonya,
mtundu wake ndinaufananiza pa windo, masana,
likukhala pa msomali wa titaniyamu ngati linabadwira pomwepo.
Ndinalikwecha ndi kagudumu ka labala,
ndinalipukuta ndi ubweya wa mbuzi, kenako thonje,
mpaka singano yoyezera inayendapo
osapunthwa ngakhale kamodzi.
See! ngati madzi a m'kapu.

Mwini wake ndi a Ignaz Pöltl.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
ankayendetsa sitima ya mumsewu ku Vienna.
Lachiwiri anakwera okha masitepe athu,
chipewa m'manja, mvula pa mapewa.
Mayi, anatero, usiku ndikazimitsa nyali
lilime limanyamuka kukawerenga okwera.
Onse limawadziwa, ndi olumala omwe.
Likafika pa mpando uwu limaterereka,
limabwerera, limatererekanso.
Pakhala mlendo wopanda nkhope.
Tulo ndiye tapita.

Ndinafuna kuwauza za tizilombo,
momwe timafunira kamng'alu kochepa kuposa tsitsi
kuti timangepo msasa,
mawa mudzi, mkuja mzinda,
nkhama n'kutupa, fupa n'kuyamba kuthawa msomali.
Kukhakhala ndi khomo losatseka.
Sindinanene. Anali atavala kale chipewa.

Tsono usiku uno ndaika pa maikulosikopu
chikombole cha dzino lawo lenileni, loyandikana nalo.
Abale inu, si munda umenewo!
Timizere topingasa ngati akalozera,
kachigwa kamene kanakumbidwa ndi kaliwo wa fodya,
m'mphepete mobenthuka pang'ono,
kaya botolo, kaya nthanga za maungu, kaya ndewu ya paunyamata.
Kuwala kukagwapo kumasweka, kumamwazika.
Pa langa kumangoima njo, koyera mbee,
ngati mbale ya m'sitolo.

Amene anandiphunzitsa ntchito, Mayi Etelka,
ankatseka maso pomaliza,
n'kuyendetsa dzino pa mlomo wawo wam'munsi.
Tinkaseka kuseri.
Iwo ankangoti diso ndi mlendo m'kamwa.

Ndatenga kansonga ka dayamondi, kochepetsetsa m'kabati,
ndachepetsa liwiro mpaka makina akung'ung'udza.
Kumunsi, komwe dzino limapsompsona nkhama,
sindikhudzako. Kumeneko kukhale galasi,
kachilombo kakafika kasowe pogwira.
Koma pamwambapa ndikulemba zaka zomwe polima sanakhale:
mzere, mzere wina wosamaliza,
kuseri kadzenje kosaya kuti lilime lipumirepo.
Kenako thonje, mopepuka,
kuti zigwa zikhale zigwa koma zosesedwa.
Malire ake sindingakuuzeni.
Ali penapake pakati pa nambala ya pa makina
ndi tulo ta munthu.

Fumbi loyera lagwa pa malaya anga.
Kunja basi ya ku Ágfalva yadutsa yopanda anthu.
Ndayang'ana kukhomo ngati wakuba,
ndatseka maso,
ndayendetsa dzino pa mlomo wam'munsi.
Lakoka pang'ono. Pang'ono chabe.
Ndalitsuka, ndaliika m'kabokosi ka buluu.

Lachisanu alimanga. Sindidzakhalapo.
Akakhutira sindidzamva kanthu,
a ntchito yathu timayamikidwa ndi chete.

Pobwerera kunyumba, pa mlatho wa njanji,
ndazindikira kuti langanso lilime lanyamuka,
likuyenda khomo ndi khomo mumdima,
ndipo laima, monga limaimira masiku onse
ine osadziwa,
pa kobenthuka kaja ka njinga ya mlongo wanga.