Sikelo ya Nandolo

Kochi wathu anabwereka sikelo kwa Che Bwanali,
ija yogulira nandolo pa M'baluku,
naikoleka pa nthambi ya nimu kuseri kwa bwalo.
Aliyense agwire mbedza, apinde miyendo.
Tinalendewera mmodzimmodzi ngati matumba.

Sakina: sikisite-thuu.
Ine: sikisite-thuu.
Muvi unaima malo amodzi,
chonsecho Sakina ndi bango la m'mbali mwa Shire,
ine ndi chitsa cha ku Namwera,
ntchafu zanga zinaumbidwa ndi chitunda cha kwathu
ndi ndowa ya m'mawa uliwonse
chiyambire ndili sitandade filii.

"Iwe, chotsako asanu,"
anatero kochi, maso ali m'kope.
"Wapakati amafunika kupepuka."

Ndinachotsa.
M'mawa tiyi wopanda chitumbuwa,
masana madzi a pa mjigo,
usiku bodza lakuti ndadya kale kwa anzanga.
Mayi ankayang'ana mbale yanga,
nkuyang'ana khosi langa,
nkuvundikira mbaleyo osanena kanthu.
Siketi yamasewero inayamba kuzungulira yokha m'chiuno.
Mwezi unakhala, unafa, unakhalanso,
ine kumwezi osapitako.
Ndinati kaya ndi mmene amakhalira akatswiri.

Loweruka lija la Okotobala,
dzuwa likufewetsa phula pa mlatho,
anabwera atsikana a ku Malindi.
Chigawo choyamba ndinauluka.
Chachiwiri mpira unasanduka dzungu.
Chachitatu kamtsikana kena,
kamene chaka chatha ndinkakadutsa ngati kaima,
kanangondikhudza ndi phewa,
ine khu! pakamwa fumbi,
wenzulo ikulira kutali ngati ili m'madzi.

Ku chipatala cha boma ndinapeza Mayi Chilingulo,
namwino wa mapewa otambalala,
amene pa utsikana wawo ankatchinga pagolo.
Sanandikweze pa sikelo.
Anatsina khungu kuseri kwa mkono,
anadina ntchafu ndi chala chachikulu,
anatsitsa chikope nkuona kuyera kwake.

"Mwanawe, nkhuni zikatha m'nyumba
ukazula phaso la denga nkusonkhezera,
moto uyaka ndithu,
nanga mvula ikabwera?
Makilo asanu wachotsawo
ena anali mnofu wodumphira.
Sikelo imawerenga kulemera basi.
Siidziwa fupa, siidziwa madzi,
thonje ndi miyala kwa iyo nchimodzi.
Ndipo timafuta ukutidato
ndi nkhokwe ya thupi la mkazi.
Wagwetsa nkhokwe mwezi wa njala."

Anandilembera pa kapepala ka mankhwala:
usipa, mtedza, mazira, bonongwe, mpunga.
Pansi pake anawonjeza nandolo,
nkuseka okha.

Zinatenga miyezi inayi.
Sindinama, masiku ena ndinkaopa mbale.
Ndinkanyamula njerwa ziwiri nkunyonyomala nazo
kakhumi, kakhumi, kakhumi,
ana a pa nyumba yoyandikana akundiwerengera.
Tsiku lina mwezi unandikumbukira,
ndinalira m'bafa ngati ndalandira kalata.

Pano ndikalawira m'mamawa kuwoloka mlatho
anyamata a kabaza amaimirira pa mapedulo
kuti ndisawadutse,
mmodzi amakuwa, "Asisi, injini mwaibisa pati?"
Ndimamenya ntchafu ndi chikhatho
osacheuka.

Sakina akadali bango,
amathyola mpira m'mwamba momwe ine sindifikamo.
Ine ndimautola pansi, pakati pa miyendo ya anthu,
ndimakhota pomwe iye sangakhote.
Ukachoka m'manja mwanga
umakapeza manja ake ali kale pamwamba.

Sikelo ija inabwerera kwa mwini wake,
nyengo ya nandolo itakwana.
Dzulo ndinadutsa pa M'baluku
Che Bwanali akukangana ndi mlimi wa ku Chowe
pa za theka la kilo.
Anandikodola, "Bwera tikuyeze, wampira!"
Ndinagwira mbedza, ndinapinda miyendo.
Sikisite-foo.
Ndinagula mtedza wokazinga wa handiredi
nkumadya ndikupita ku bwalo.