Lachinayi Madzulo ku Parktown

Ntchito yanga ndi mipando.
Makumi asanu ndi atatu, mizere khumi,
kenako makapu, shuga, ndi ketulo yaikulu.
Ophunzira akalowa ndimayenera kutuluka,
koma kuseri kwa chitseko kuli kangodya
komwe munthu wa yunifolomu yabuluu saoneka.

Sabata yoyamba anakamba za udzudzu
wosinthidwa chibadwa kuti usaswane.
Ndinaseka ndekha. Kwathu akanati wauledzeretsa ndani.
Yachiwiri, kamakina konga bokosi la machesi
kowerenga matenda pa dontho limodzi la magazi.
Yachitatu magetsi anathima, jenereta inakana,
madokotala anatsika masitepe ndi kuwala kwa mafoni
ngati ziphaniphani.

Lero Pulofesa Mahlaba,
mayi wamfupi wa nsapato zothamangira,
wazimitsa nyali
n'kuika pakhoma chifuwa cha munthu.
Nthiti zoyera. Pakati pake mdima.
Mumdimamo timadontho,
ngati wina wawaza ufa pansalu yakuda.
Akuti ndi fumbi la mwala,
likalowa lalowa, silipereka lendi, silisamuka.
Akuti tsopano kompyuta imaliona
diso la dokotala lisanalione.
Anaiphunzitsa ndi zithunzi zikwizikwi
za amuna a m'migodi ya golide,
mayina atafufutidwa, kutsala manambala.

Bambo anga anali nayo nambala.
Lufeyo Kamtsitsi wa ku Mponela,
anabwera kuno ndi Theba ine ndikukwawa.
Anabwerako ndi wailesi, jekete lachikopa,
njinga, ndi chifuwa.
Njinga tinagulitsa. Wailesi inafa yokha.
Chifuwa chinakhala.
Kuchipatala anapereka mapiritsi, miyezi isanu ndi umodzi,
kenanso isanu ndi umodzi.
Abale anati ndi ansanje a njinga ija.
Usiku ndinkawerenga kutsokomola kwawo kuseri kwa chipupa
mpaka tulo titandilanda chiwerengero.

Ndikuyang'ana khomalo.
Phewa lakumanzere lakwera pang'ono.
Bambo ankayenda choncho.
Koma ndani anakankha ngolo pansi pa nthaka
n'kutuluka mapewa ali ofanana?

Nthawi ya mafunso.
Mnyamata wa magalasi akufunsa za ndalama za kafukufuku.
Wina akufunsa kangati pa zana makinawo amalakwitsa.
Langa funso laima pakhosi ngati munga:
poti yawaona onsewo mkati,
kodi ikudziwa kuti mmodzi ankaimba mluzu pometa ndevu,
mluzu womadukiza pakati
kuti apeze mpweya?
Chingerezi changa sichifika kumeneko,
ndipo ketulo yawira.

Aomba m'manja. Nyali zayaka.
Chifuwa chija chazilala pakhoma, kwatsala pulasitala.
Pulofesa akufuna tiyi wopanda shuga,
wandithokoza m'Chizulu, ndayankha ndi mutu.
Dzanja lake likunjenjemera pang'ono pa sosala.
Sindikudziwa kuti iye anaika ndani m'manda.

Mipando ndaisanja isanuisanu.
Mu tekisi ya ku Turffontein takhala anayi pamzere,
kumanzere kukudutsa phiri lachikasu lija
lomwe anthu analitulutsa m'mimba mwa dziko ndi manja.
Mphepo ya Ogasiti ikulipala pamwamba.
Ndakokera kolala pamphuno.
Mayi wa pambali panga watseka zenera osandiyang'ana.

Sabata yamawa akuti akamba za mtima wochita kupanga.
Ndidzalawirira.
Mpando umodzi wa mzere wachitatu ukugwedera mwendo.