Sikelo ya ku Izmir

Nurettin amayamba watseka mawindo,
n'kuvala magolovesi oyera
ngati akukanyamula khanda.
M'kabati mwake mwagona mafumu makumi anayi agolide,
aliyense pakansalu kake kofiira,
onse atayang'ana kumbali, osalankhulana.

Selvi walowa, foni m'manja:
"Golide wakwera mtengo, bambo. Denga likudontha."

Mkuluyo watola kakhobidi ka ku Venisi,
kopyapyala, kotha m'mphepete ngati sopo.
"Aka kadagula tsabola, kadaombola kapolo,
wina adakameza pothawa nkhondo.
Kwa ine ndi mlendo chabe,
ndipo mlendo ndi mame."

Sikelo sidziwa zonsezo.
Yangoti magalamu atatu ndi theka.

Mvula ikugogoda m'beseni, tho, tho.
Selvi sakuchoka pakhomo.
Nurettin akupukutanso mandala ake,
oyera kale.