Botolo Lachitatu

Pa shelefu yathu ku Linthipe
pali mabotolo atatu a ufa woyera.
Loyamba Esinati analemba "nsangalabwi yopera".
Lachiwiri analembapo zilembo zinayi
ndi munthu amene anasiya ntchito ine ndisanabwere.
Lachitatu, pepala lake mphemvu zinadya.

Ndapekesa onse pa chala.
Ndalawa ndi nsonga ya lilime.
Ndi amodzi, ndinatero.

Ng'anjo inakana.
Lachinayi m'mawa, makapu makumi asanu ndi limodzi,
oda ya ku Salima, yolipiridwa kale theka,
anayamba kulira akuzizira:
the! the!
Pofika masana ndinali kuwola mapale ndi fosholo.

Lufeyo, mwana wa mlongo wanga,
atabwera kuholide anatola phale limodzi.
Akuti: Malume, mkati mwa mwala muli mizere,
timbewu tosaoneka tafola ngati ana pa asembule.
Ana omwewo, yunifolomu yomweyo,
koma asinthe kaimidwe, mwala wakhala wina.
Moto ukakula amasuntha,
ukazirala ena amabwerera m'malo mwawo,
ena ayi.
Amene sanabwerere ndi amene akuswerani makapu.

Ndiye dzina lake ndani? ndinafunsa.
Anaseka. Akuti buku lina limati chakuti,
lina chakuti,
ndipo dzina limodzi nthawi zina limaitana miyala iwiri.

Ndinakumbuka mzere wa ziphaso pa boma,
tsiku lija mphepo ya m'phiri inatilowa m'mafupa.
Kalaliki ataitana "Phiri!"
tinadzuka anthu asanu ndi awiri.
Anatikhazikanso pansi,
aliyense n'kumupatsa nambala yakeyake.

Mwala ulibe mudzi woti utchule,
ulibe mfunda, sudziwa tsiku lobadwa.
Umboni wake ndi kaimidwe kokhako.
Lufeyo akuti alipo anthu amene sagona
kufuna kalembedwe kamodzi
koti woumba kuno ndi wopima kutsidya la nyanja
akawerenga aone mwala womwewo.

Sanamalize, akuti. Akukanganabe.

Ine oda ya ku Salima ikundidikira.
Ndagula kope la mizere pa golosale,
ndamata mapepala atsopano ndi selotepi.
Loyamba: linapsa bwino, kawiri.
Lachiwiri: sindinaliyese.
Pa lachitatu ndalemba tsiku, kutentha kwa ng'anjo,
makapu makumi asanu ndi limodzi,
ndipo pamzere wa dzina
ndasiya mpata wa zala zitatu.