Dzina Lopanda Mpando

Bambo ananditcha Halifa
singano ili pakamwa, akusoka mayunifolomu a Januwale.
Dzinalo analitola kwa atate awo, Che Ajasi,
amene ankapalasa makina pakhonde la Mmwenye
tauni ino ikadali Fort Jameson.

Akuti nyuzipepala inafika itakulunga makapu,
yochedwa miyezi itatu, yonunkha mchere wa m'nyanja.
Mwini sitolo anawerenga, natseka chitseko dzuwa lili paliwombo:
ku Turkey amuchotsa khalifa,
amukweza sitima ndi masutikesi ake.
Nanga alowa ndani? anafunsa Che Ajasi.
Palibe. Mpando aupinda ngati mphasa.
Iwo anadula ulusi ndi mano:
dzina lotere lisagone pabwalo, lingagwe chiswe.

Mafumu a kutali analilakalaka,
anakumana, nakangana ngati abale pa maliro a mwini ng'ombe,
aliyense n'kubwerera ndi nduwira yake yomweyo.
Kuno dzinalo linangokhala m'kabati ya mabatani
mpaka ine nditalira.

Chaka china, kwa wometa ku Kapata,
kanema anaonetsa mbendera zakuda, mfuti, fumbi,
anthu ogwada atamangidwa manja,
wina pamwamba akuti dzinalo ndi lake.
Wometa anaimitsa makina pakati pa mutu wanga:
Halifa, si akwanu awa?
Benchi yonse inaseka.
Ndinatuluka tsitsi lili mbali imodzi,
ndinakankha njinga mpaka ku Mchini osaikwera.

Shehe Mtalika ndinawapeza akumata chubu.
Sanadzutse mutu.
Mlowam'malo, anatero, basi.
Wobwera pambuyo,
amene amusungitsa kiyi, nyumba ili ndi Mwini wake.
Anaviika chubu m'beseni kufuna pomwe pakutuluka mpweya.

Lero makina a Che Ajasi ali kwa ine,
lamba wake ndamulumikiza kanayi.
Kiyi wa kamzikiti kathu ka malata alinso kwa ine,
womangidwa pa chingwe cha nsapato.
Folo koloko ndimadzaza zigubu,
kuti obwera kudzaswali apeze madzi osamba m'mapazi,
ndimasesa zitosi za nkhunda, ndimayala mikeka.
Ufumu wanga umathera pa ngalande ya a Banda.

Dzulo ndinapeza Asiyatu, wa zaka zisanu ndi ziwiri,
atakhala pampando wanga,
chala chakuphazi chikungokhudza chopondera.
Ndinaima pakhomo, osatsokomola.
Gudumu linazungulira kamodzi.